Funso: PET/CT ya pakati pa kemo kwa wodwala Hodgkin amene ali ndi shuga ndipo anadwalapo TB

Nabanda, namwino wa ku wodi ya khansa:
Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumajambula odwala khansa. Wodwala ndi bambo wa zaka za m'ma 30, ali ndi Hodgkin lymphoma, khansa ya anabere, yotsimikizika ndi biopsy (kuyeza kanyama kotengedwa pa chotupa), siteji 3 malinga ndi CT. Akulandira kemo (mankhwala a khansa) yotchedwa ABVD pa tsiku 1 ndi tsiku 15 la saiko iliyonse ya masiku 28, ndipo saiko yachiwiri yangoyamba kumene. Achibale asonkha ndalama zoti akajambulidwe PET/CT (chithunzi chimene malo okhala ndi khansa yamoyo amaoneka owala) kunja kwa dziko, koma kamodzi kokha, kachiwiri sangakwanitse. Bamboyu ali ndi matenda a shuga, amamwa metformin, ndipo m'mawa shuga amafika 160 mpaka 190 mg/dL, makamaka masiku otsatira kemo. Mankhwala a TB ya m'mapapo anamaliza chaka chatha. PET yoyamba, ya asanayambe kemo, sanajambulidwe. Apite liti, akonzekere bwanji, nanga ndalamazi sizingolowa m'madzi?

A Mbewe, ojambula ku PET:
Anamwino, tiyambe ndi tsiku, poti ambiri amaphonya pamenepa. PET ya pakati imajambulidwa saiko yachiwiri ikatha, yachitatu isanayambe. Kuchokera pa kemo ya tsiku 15 padutse masiku osachepera 10, ndiye kuti cha pa tsiku 25 mpaka 27. Mukafulumira, thupi limakhala likadali kalikiliki kuchotsa maselo amene kemo yapha, ndipo malowo amawala ngati khansa ikadalipo. Mukachedwa, saiko yachitatu nayo yachedwa. Pezani kaye tsiku ku chipatala chojambulacho, tikiti mugule pambuyo.

Mankhwala amene amabaya ndi FDG, shuga womatidwa ndi fluorine-18, yotulutsa radiation imene makina amaona. Mphamvu yake imatsika ndi theka pa mphindi 110 zilizonse, choncho sasungika. Amapangidwa m'makina otchedwa cyclotron m'mawa womwewo, n'chifukwa chake PET imapezeka m'mizinda ngati Johannesburg, Pretoria, Cape Town ndi Nairobi, kumene makinawo ali pafupi. Wodwala akachedwa maola awiri, theka la mlingo wake latha kale.

Asadye kanthu kwa maola 6. Madzi wamba amwe ndithu, pafupifupi lita imodzi m'maola awiri asanabayidwe. Tiyi, thobwa, maheu, switi, chingamu, ngakhale mankhwala a chifuwa otsekemera, zonsezi ayi. Akadya, thupi limatulutsa insulin, ndipo insulin imakankhira FDG m'minofu ndi mumtima, chotupa n'kuoneka chozilala. Kwa maola 24 asagwire ntchito ya thukuta. Zikwama anyamule womuperekeza. Ngati akuyenda pa basi, afike kutatsala tsiku lathunthu kuti apume.

Musaiwale kuzizira. Munthu akazizidwa, mafuta a bulauni, otenthetsa thupi, a m'khosi ndi a pamwamba pa mapewa amayamwa FDG kwambiri, ndipo amenewa ndi malo omwewo amene anabere a Hodgkin amakonda. Ku Johannesburg mu June ndi July m'mawa kumazizira koopsa. Avale juzi, masokosi ndi chipewa kuyambira pochoka kogona. Akabayidwa agone phee kwa mphindi 60, osacheza, osaimba foni, chifukwa minofu ya pakhosi nayo imawala munthu akamalankhula. Kenako akakodze, n'kulowa m'makina kwa mphindi 20 mpaka 30, manja ali m'mwamba.

Nachisale, wa ku kiliniki ya shuga:
Malire amene zipatala zambiri zimatsata ndi 200 mg/dL, kapena 11 mmol/L monga amayezera ku South Africa. Akapitirira, amamubweza. Ndiye 190 ili m'mphepete kwambiri. Shuga wa m'magazi amalimbirana khomo ndi FDG polowa m'maselo, choncho akachuluka chotupa chimatenga FDG wochepa. Onani ngati akulandira dexamethasone woletsa kusanza, chifukwa ameneyo ndiye amakweza shuga masiku otsatira kemo, ndipo pofika tsiku 25 mphamvu yake imakhala itatha. Kuyambira pano aziyezedwa m'mawa uliwonse asanadye, manambala azilembedwa, ndipo mankhwala akonzedwe sabata zino, osadikira tsiku lojambula. Chimene musalole n'choti wina amubaye insulin pakhomo pa chipinda chojambulira kuti nambala itsike msanga. Nambala itsikadi, koma chithunzi chidzakhala cha minofu yokhayokha. Pakati pa insulin yothamanga ndi FDG pamafunika maola osachepera 4, ndipo ya soluble, yochedwerapo, maola 6. Dripi ya shuga (dextrose) nayo ichotsedwe maola 4 asanabayidwe.

A Mbewe:
Metformin asiye kwa maola 48. Imawalitsa matumbo moti anabere a m'mimba amabisika.

Nachisale:
A Mbewe, za matumbozo n'zoona, koma kwa munthu amene ali pa 190 kusiya metformin masiku awiri kungamukwezere kupitirira 200, ulendo wonse n'kuwonongeka. Zipatala zimasiyana pa nkhaniyi. Anamwino, funsani chipatala chojambulacho, muwauze manambala ake ndi kumene kuli zotupa. Ngati zambiri zili m'khosi ndi m'chifuwa, kuwala kwa matumbo sikusokoneza kwenikweni. Atenge ndi zotsatira zatsopano za creatinine, yoyezera impso, mwina adzafuna kubaya contrast, mankhwala oonetsa bwino ziwalo pa CT.

A Dokotala Phiri, a nuclear medicine:
Zokonzekera anzangawa anena bwino. Ine ndiyankhe za ndalama. PET ndi yoyenera kulipira ngati yankho lake lisintha mankhwala, ndipo apa likhoza kusintha.

Chithunzi cha pakati timachiwerenga ndi muyeso wa Deauville, kuyambira 1 mpaka 5, poyerekeza chotupa ndi ziwalo za wodwala yemweyo. Pa 1 palibe chowala. Pa 2 kuwala sikuposa magazi a m'mitsempha ikuluikulu ya pakati pa chifuwa. Pa 3 kwaposa magaziwo koma sikuposa chiwindi. Pa 4 kwaposa chiwindi pang'ono, ndipo pa 5 kwaposa kwambiri kapena patuluka zotupa zatsopano. Kafukufuku wa RATHL, wofalitsidwa mu New England Journal of Medicine mu 2016, anatsata odwala oposa 1,200. Amene anapezeka pa 1 mpaka 3 atalandira masaiko awiri a ABVD anagawidwa pawiri: ena anapitiriza ABVD, ena anachotseredwa bleomycin, mmodzi mwa mankhwala a mu ABVD. Patatha zaka zitatu, amene matenda sanabwerere kapena kukula anali 85.7 peresenti ku ABVD ndi 84.4 peresenti kwa opanda bleomycin, ndipo gulu lachiwirili linavutika ndi mapapo mocheperapo kusiyana ndi loyambalo. Bleomycin ndiye amawononga mapapo, ndiye kwa munthu amene TB inamusiyira zipsera, kumuchotsera mankhwalawa ndi phindu lenileni.

Koma musanagule tikiti, dokotala wake wa khansa ayankhe mafunso awiri. Chithunzi chikatuluka 4 kapena 5, kodi mankhwala amphamvu ngati BEACOPP alipo, ndipo wodwalayo angawapirire? Ndipo kodi bleomycin sakufuna kumuchotsa kale chifukwa cha mapapowo? Ngati BEACOPP kulibe ndipo bleomycin achotsedwa basi, chithunzi cha pakati sichisintha kanthu. Pamenepo ndalama zisungidwe, adzajambulidwe atamaliza kemo yonse, patadutsa sabata zosachepera 3, makamaka 6 mpaka 8. Hodgkin imakonda kusiya chotupa m'chifuwa chimene pa CT chimaonekabe, ndipo PET ndi imene imasiyanitsa chipsera ndi khansa yamoyo.

Tsopano TB, imene ikundidetsa nkhawa kuposa shuga. FDG sadziwa khansa. Amalowa paliponse pamene maselo akudya shuga mwadyera, ndipo maselo a chitetezo amene akulimbana ndi TB amadya chimodzimodzi. Ofufuza a ku Stellenbosch University anaonetsa mu Nature Medicine mu 2016 kuti anthu ambiri amene anamaliza mankhwala a TB n'kunenedwa kuti achira anali ndi malo owalabe m'mapapo pa PET. Ndiye kuwala kumtunda kwa mapapo, pamene panali TB, sikutanthauza kuti kemo yakanika. Komanso munthu wa shuga amene ali pa kemo TB ikhoza kumuyambiranso. Zotupa zakale zonse zikazima koma malo amodzi atsopano n'kuwala, musathamangire kusintha kemo. Yezani makhololo ndi GeneXpert, makina oyezera TB, ndipo ngati mwanabereyo ndi wofikirika, atengepo biopsy. Kupatsa BEACOPP munthu amene ali ndi TB yosadziwika kungamuphe.

Za HIV zilembedwenso m'kalata. Kachilombo kakachuluka m'magazi, anabere a m'khosi ndi m'khwapa amawala mbali zonse ziwiri popanda khansa, choncho wowerenga chithunzi amafuna kudziwa viral load.

Nabanda:
Zikomo kwambiri adokotala. HIV alibe. Nanga poti PET yoyamba palibe, ayerekeza ndi chiyani? Achibale anamvanso kuti SUV, nambala yoyeza kuwala kwa chotupa, ikaposa 2.5 ndiye kuti ndi khansa. Ndiponso kunyumba kuli khanda, mayi ake akuopa radiation.

A Dokotala Phiri:
Muyeso wa Deauville umatheka popanda PET yoyamba, poti choyerekezera ndi chiwindi cha tsiku lomwelo. Chimene tikusowa ndi kudziwa pamene matenda anayambira, ndipo CT yoyamba ija itithandiza. Atenge zithunzi zenizenizo pa CD kapena pa flash, mu DICOM, mtundu wa mafayilo a zithunzi za chipatala, osati lipoti lokha kapena zojambula ndi foni. Ngati X-ray ya m'chifuwa ya nthawi ya TB ikupezeka, imeneyo ndi yamtengo wapatali. Chotayika ndi muyeso wa kukula kwa zotupa zonse zowala asanayambe kemo, umene ofufuza apeza kuti umalosera amene matenda angadzamubwerere. Pakadali pano muyesowu sukusintha mankhwala a wodwala ngati uyu, ndiye musadandaule nawo.

Za 2.5 auzeni aiwale. SUV imasintha malinga ndi makina, kulemera kwa munthu, shuga wake, ndi mphindi zimene zadutsa chibayidwireni. FDG wina akatayikira kunja kwa mtsempha pobaya, manambala onse amatsika. TB imatha kupereka SUV yoposa 10, pamene khansa zina zoyenda pang'onopang'ono siziwala n'komwe.

A Mbewe:
Za khanda, FDG amapereka radiation yokwana pafupifupi 5 mpaka 7 mSv (muyeso wa radiation imene thupi lalandira), CT n'kuwonjezera yake malinga ndi mmene aitchera. Poyerekeza, munthu aliyense amalandira pafupifupi 2.4 mSv pa chaka kuchokera m'nthaka ndi mumlengalenga. Pakatha maola 12 mphamvu yotsala ndi pafupifupi 1 peresenti, ndipo ina imakhala yatuluka ndi mkodzo. Tsiku lojambulalo asanyamule mwana kapena kukhala moyandikana nthawi yaitali ndi mayi woyembekezera, amwe madzi ambiri, azikodza pafupipafupi. Pofika kunyumba akhoza kunyamula khandalo popanda vuto. Ngati akwera ndege tsiku lomwelo, apemphe kalata ya chipatala, chifukwa makina a pabwalo la ndege ena amalira.

A Dokotala Phiri:
Anamwino, m'kalata yotumizira lembani tsiku lenileni la kemo yomaliza, mankhwala onse amene akumwa, mbali ya mapapo imene inali ndi TB ndi tsiku limene anamaliza mankhwala, malo amene anatengapo biopsy, ndi matenda alionse a posachedwapa monga chibayo kapena chithupsa. Ngati anabayidwa filgrastim wokweza maselo oyera, lembani tsiku, chifukwa mafuta a m'mafupa ndi kapamba zimawala ponseponse kwa sabata pafupifupi ziwiri, ndipo wosadziwa anganene kuti khansa yafalikira. Pemphani kuti lipoti litchule nambala ya Deauville, litumizidwe pa imelo saiko yachitatu isanakwane, ndipo wodwala abwere ndi zithunzi zake pa CD.

Nabanda:
Ndamva. Mawa ndikafunsa dokotala wake za BEACOPP ndi bleomycin, tikatero ndiye tiimba foni kukapempha tsiku.