Mphatso yothokozera alendo odzayankhula pamsonkhano: tisankhe chotani chosonyeza dziko?

Mlembi wa komiti:

Ndili m'komiti yokonza msonkhano wa akatswiri ochokera m'mayiko osiyanasiyana, ndipo sitikugwirizana pa nkhani ya mphatso zothokozera alendo amene adzayankhule. Anzanga ena akufuna zikho zagalasi zolembedwa dzina la msonkhano, monga zimachitikira kawirikawiri, koma ine ndikuona kuti mlendo ayenera kubwerera kwawo ndi chinthu chomukumbutsa dziko limene linamulandira. Inu amene munakonzapo misonkhano yotere, mumasankha bwanji, nanga ndi ziti zimene tiyenera kupewa?

Mphunzitsi wa zaluso:

A Mlembi, ndikugwirizana nanu, koma musanayang'ane kukongola kwa chinthu, yambani mwafunsa amene anachipanga. Zinthu zambiri zimene zimagulitsidwa m'mabwalo a ndege monga zachikhalidwe zimapangidwa m'mafakitale a kutali, ndipo kupatsa mlendo chinthu chotero n'kumunamiza, komanso n'kulanda ndalama mmisiri amene luso lakelo ndi la makolo ake.

Mayiko amene amalemekeza luso lawo amaliteteza. Ku Scotland kuli lamulo la 1993 lonena kuti nsalu ya Harris Tweed iyenera kuwombedwa pamanja ndi anthu a pazilumba za Outer Hebrides, m'nyumba zawo momwemo. Ku Indonesia, atsogoleri amene anafika pamsonkhano wa APEC, bungwe la mgwirizano pa zachuma la mayiko a ku Asia ndi Pacific, mumzinda wa Bogor mu 1994 anavala malaya a batik, nsalu yokongoletsedwa pogwiritsa ntchito phula ndi utoto, ndipo mu 2009 bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, linaika luso limeneli pamndandanda wa chikhalidwe choyenera kusungidwa. Nsalu ya kente ya ku Ghana nayonso inaikidwapo mu 2024. Pitani nokha kwa amisiri nthawi ikadalipo, chifukwa ntchito yamanja sifuna phuma, ndipo muwalipire mokwanira. Pamphatso iliyonse ikanipo kakhadi kofotokoza dzina la lusolo, dera limene linachokera ndi tanthauzo la mapatani ake. Popanda kakhadiko, mlendo amangoona nsalu kapena chosema wamba.

Wodziwa za katundu wodutsa m'malire:

Ndiwonjezereko kumbali ya malamulo, poti mphatso yabwino ingathe kumuika mlendo m'mavuto pofika kwawo. Pangano la CITES, limene linayamba kugwira ntchito mu 1975, limayang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha. Chilichonse chokhala ndi mnyanga wa njovu kapena chigoba cha kamba wa m'nyanja musachiganizire n'komwe. Mtengo wa phingo, umene osema ziboliboli amaukonda, unalowa pamndandanda wa panganoli mu 2017, choncho funsani kaye ku nthambi ya boma yoona za nkhalango ngati pakufunika chilolezo. Australia ndi New Zealand amafuna kuti wolowa m'dziko aulule chilichonse chamtengo, chachikopa, cha nthenga kapena cha njere, ndipo chokayikitsa amachilanda kapena kuchithira mankhwala. Zinthu zakale zenizeni zisatuluke m'dziko. Pangano la UNESCO la 1970 linakhazikitsidwa pofuna kuthetsa mchitidwe umenewo. Kumbukiraninso kuti ambiri amayenda ndi kachikwama ka m'manja kokha, ndiye chinthu cholemera kapena chosweka msanga chidzatsala kuhotela.

Mayi wopuma pantchito ya boma:

Bambo Mphunzitsi anena zoona, koma pali funso limene sanalikhudze: m'dziko la mitundu yambiri, chikhalidwe cha ndani ndicho chikuimira onse? Ndinaonapo anthu akudandaula kuti chaka ndi chaka mphatso zimachokera kudera limodzi. Ndi bwino kusinthasintha madera ndi kunena poyera chifukwa chake. Chinanso, zinthu za pamwambo kapena zachipembedzo zisasanduke mphatso eni ake asanavomereze, ngakhale zitakongola chotani. Ndipo ngati pakati pa alendowo pali ogwira ntchito m'boma, afunseni mwaulemu pasadakhale, chifukwa maboma ambiri salola antchito awo kusunga mphatso zodula. Dzina la msonkhano lilembedwe pakhadi, osati kudinda pantchito ya mmisiri.

Mlembi wa komiti:

Zikomo kwambiri nonse. Ndikapereka kukomiti ganizo la nsalu yowombedwa pamanja, popeza ndi yopepuka ndipo sivuta pamalire. Mayi, kodi onse alandire zofanana, kapena mlendo wolemekezeka apatsidwe chosiyana?