Tithandizeni pa za chipukuta misozi cha matenda a fumbi la asibesitosi

Abale ndi alongo, ndikupempha uphungu wanu pa nkhani ya bambo anga aakulu omwe amakhala ku Luchenza, m'boma la Thyolo. Iwowa anagwira ntchito zaka zambiri pamgodi wa asibesitosi kufupi ndi Kuruman ku South Africa, ndipo tsopano amabanika ngakhale pongoyenda pabwalo, chifuwa chouma osatha, koma kuchipatala atawayeza makhololo anapeza kuti si TB. Adokotala akuganiza kuti mapapo awo anawonongeka ndi fumbi la mumgodi, matenda amene amatha kuonekera patapita zaka 20 kapena kuposerapo.

Ndikudziwa kuti Tshiamiso Trust imalipira a m'migodi ya golide okha, pamene a asibesitosi ali ndi Asbestos Relief Trust yomwe inakhazikitsidwa mu 2003, komanso ofesi ya MBOD ku Johannesburg yomwe imatsimikizira matenda a m'migodi. Chomwe chikutisowetsa mtendere n'chakuti makadi awo a ntchito anakokoloka ndi madzi a namondwe wa Freddy mu 2023. Kodi alipo pakati panu amene kholo lake linalandira ndalamazi popanda makadiwo, ndipo anapereka umboni wotani? Nanga zithunzi za X-ray zojambulidwa kuno kwathu amazivomereza? Ndafunsa izi chifukwa mmene alilimu, ulendo wa ku Joni sangaukwanitse.