Kodi kugwira chinthu chimene ukuchiopa kungachize nkhawa?

Mayi wa ku Chibavi:
Mwana wanga wamkazi amasamba m'manja kambirimbiri patsiku, mpaka khungu lachita ming'alu, ndipo akagwira ndalama zochokera kumsika kapena chitseko cha minibasi amalira poganiza kuti watenga matenda. Ndamva kuti achipatala amathandiza odwala otere powauza kuti agwire zomwe akuziopazo. Kodi imeneyi si nkhanza?

Bambo wa ku Luwinga:
Si nkhanza ayi, mayi, malinga mwanayo atavomera yekha. Matendawa amatchedwa OCD, ndipo ndi matenda a maganizo omwe amachititsa munthu kubwerezabwereza chinthu, monga kusamba m'manja, pofuna kuthetsa mantha. Mlangizi amayamba ndi chinthu chopepuka, monga kugwira ndalama ya K500, kenako wodwalayo amakhala osasamba m'manja, ngakhale mtima ukugunda kwambiri, kufikira mantha atayamba kuzirala okha. Akabwereza zimenezi kwa masiku angapo, ubongo umaphunzira kuti choopsacho sichichitika, ndipo pamenepo amayesa chovutirapo.

Namwino wa ku Katoto:
Ndiwonjezereko kuti kumutsimikizira nthawi zonse kuti sanatenge matenda kumakulitsa vutoli, chifukwa amazolowera kutonthozedwa, ngakhale kholo limatero mwachikondi. Pitani naye ku chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God konkuno ku Mzuzu. Musamubisire sopo kapena kumukakamiza nokha kunyumba.