Mbiri za mafumu zolembera ana: ziyambire pati?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kabuku ka mbiri za mafumu ka ana a zaka 8 mpaka 11 kalembedwe bwanji kuti asatope nako? Nanga za nkhondo ndi kuphana, zibisidwe kapena zinenedwe?

Yankho loyamba:
Mfumu imodzi, nkhani imodzi. Ambiri amayambira pa kubadwa kwa mfumu n'kumalondola mpaka maliro, ndipo mwana amasochera asanafike tsamba lachitatu. Sankhani nthawi imene mfumu inapanikizika n'kupanga chiganizo. Mwachitsanzo, mu 1824 Moshoeshoe, mfumu ya Abasotho a ku Lesotho, anasamutsira anthu ake pa Thaba Bosiu, phiri lathyathyathya pamwamba, lokwereka podzera m'tinjira tochepa topapatiza. Yambirani pomwepo: ng'ombe zikukwera mondondozana, amayi atabereka ana kumbuyo. Mwana adzafunsa yekha chimene ankathawa, ndiye mumuuze. Nkhani iliyonse ikhale ya mawu 600 mpaka 800, mayina a anthu asapitirire anayi, zaka zoti akumbukire zikhale chimodzi kapena ziwiri basi.

Yankho lachiwiri:
Ndiwonjezepo, achimwene. Samalani ndi mayina a mpando. Kalonga si dzina la munthu, monganso Mansa ku Mali kapena Farao ku Iguputo. Mukangolemba kuti "Kalonga anachita chakuti" popanda kulongosola, mwana aziganiza kuti munthu mmodzi analamulira zaka mazanamazana. Chinanso ndi kalowedwe ka ufumu. Kwa Amaravi ufumu unkadzera kuchikazi, n'chifukwa chake Nyangu, mayi kapena mlongo wa Kalonga, anali wofunika kwambiri, ndipo wolowa sanali mwana wa mfumu. Mukajambula mzere wa bambo, mwana, mdzukulu, mwaphunzitsa bodza.

Chaka chimakhazikika m'mutu chikamangidwa pa chinthu chooneka. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu November 1835, ndipo tikudziwa zimenezi chifukwa tsikulo kunachitika kadamsana. Mwana amene wamva za mdima wa masana anthu ali pamtsinje saiwala 1835. Wojambula naye mumuonetsetse, asaveke Zwangendaba chisoti chagolide cha mafumu a ku Ulaya.

Yankho lachitatu:
Za kuphana musabise, koma musachedwepo. Shaka, mfumu ya Azulu, anaphedwa mu 1828 ndi abale ake, Dingane ndi Mhlangana. Chiganizo chimodzi chakwana, za mabala ndi magazi zisiyeni. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kumuyeretsa mfumu. Mansa Musa, popita ku Mecca mu 1324, anagawa golide ku Cairo mpaka mtengo wake unatsika, ndipo ana amaikonda nkhaniyi. Koma pa ulendowo panalinso akapolo onyamula katundu, ndipo nawonso atchulidwe.

Pamene nkhani yachokera m'kamwa mwa makolo, lembani kuti "makolo amati". Pamene inalembedwa ndi mboni, nenani kuti analemba ndani komanso anali mbali iti. Mwana wa zaka 10 amatha kusiyanitsa ziwirizi mukamuonetsa kamodzi.