Apongozi akuti khanda limwe madzi ndi mankhwala a liwombo, kuchipatala anandiletsa: ndichite bwanji?

Wachisamba wa ku Lilongwe

Ndikupereka moni kwa nonse, makamaka kwa inu ntchembere zimene munadutsa kale m'njira imeneyi. Ndinachira masiku 19 apitawo, ndipo Mulungu anatipatsa mwana wamkazi, woyamba m'banja mwathu. Matenda anandiyamba usiku, ndinakhala maola ambiri njira isakutseguka mokwanira, mpaka madokotala ataona kuti mwana wayamba kutopa ananditengera ku thiyeta. Anabadwa wolemera makilogalamu 3.1. Mayi anga anatisiya ndili kusekondale, choncho gadiyani wanga anali apongozi, amene anachoka kwawo ku Dedza kutatsala milungu iwiri kuti tsiku langa likwane. Ndiyenera kunena poyambirira kuti popanda iwo sindidziwa kuti ndikanatani, pakuti ndiwo ankanditembenuza pabedi, kundichapira nsalu ndi kundiphikira phala la nsinjiro, ndipo mpaka lero akudzuka tambala woyamba kuti achape matewera.

Vuto layamba sabata ino. Dzuwa likangolowa mwana amayamba kulira, ndipo nthawi zina amafika nazo 10 koloko usiku, akuyamwa pang'ono n'kusiya, kenako kufunanso bere. Apongozi akuti mkaka wanga ndi wochepa chifukwa cha opaleshoni, ndiponso kuti kutentha kwa mu Okutobala muno mwana ali ndi ludzu, kotero akufuna kumamumwetsa madzi ndi sipuni. Abweretsanso mankhwala akumudzi, ena opaka pa liwombo, ena osambitsira mwana, amene akuti pomaliza kusamba mwana amwe pang'ono. Ine akufuna kundithowa pamimba ndi madzi otentha n'kundimanga chitenje kuti mimba ibwerere. Anamwino anandiuza momveka bwino kuti kufikira miyezi isanu ndi umodzi mwana asalawe china chilichonse koma bere. Za mchombo sindinatsutse: utagwa pa tsiku lachisanu ndi chiwiri anautenga iwo, anamumeta mwana tsitsi ndipo tinatuluka m'chikuta monga mwa mwambo. Koma izi zakumwa mtima wanga ukukana, ndipo sindikudziwa kuti munthu amene wandisamalira chotere ndingamukanire bwanji osamunyoza.

Bambo a mwanayu akugona pabalaza kuyambira tsiku limene ndinatuluka m'chipatala, ndipo mayi awo sawalola kunyamula mwana poopa tsempho. Ine ndikungopezeka ndikulira popanda chifukwa, ngakhale masana. Tchuthi changa cha kuntchito chitha mwana akadzakwanitsa milungu isanu ndi itatu. Chonde ndithandizeni nzeru.

Namwino Wopuma

Amayi, choyamba ndikuthokozeni kuti mwachira bwino, pakuti opaleshoni si chinthu chamasewera. Ndinagwira ntchito m'chipinda cha amayi oyembekezera ndi ku sikelo zaka zambiri, ndipo nkhani yanuyi ndinaimva kambirimbiri. Muyeso umene ndinkapatsa amayi unali wakuti chimene chikukhala kunja kwa thupi la mwana mungathe kukambirana, koma chimene chikulowa m'kamwa mwake kapena kufika pa bala sichiyenera kuloledwa ngakhale atabweretsa ndi munthu amene mumamulemekeza kwambiri.

Madzi mwanayo akumwa kale, chifukwa pafupifupi magawo asanu ndi anayi mwa magawo khumi a mkaka wa m'mawere ndi madzi, ndipo kukatentha khanda limangoyamwa pafupipafupi kuti liphe ludzu. Kamimba kake n'kakang'ono, kotero sipuni iliyonse ya madzi ikulanda malo a mkaka. Akayamwa mochepa, mawere anu nawonso ayamba kupanga mkaka wochepa, ndipo pamenepo mawu a apongozi akuti mkaka sukukwana adzasanduka oona pomwe poyamba sanali oona. Kuwonjezera apo, madzi ndi sipuni ndiyo njira imene tizilombo totsegula m'mimba timadzera. Ngati mukufuna kudziwa kuti mkaka ukukwana, musayang'ane kulira, yang'anani matewera. Mwana wa msinkhu umenewu akamanyowetsa matewera asanu ndi limodzi kapena kuposerapo pa tsiku, mkodzo wake uli woyera, akamayamwa kasanu ndi katatu mpaka kakhumi ndi kawiri usana ndi usiku, ndiponso ngati pofika milungu iwiri anali atabwerera pa sikelo imene anabadwa nayo, ndiye kuti akukhuta. Kulira kwa madzulo kumachitika kwa makanda ambiri, a opaleshoni ndi obadwira njira yabwino omwe. Kumakula mpaka cha pa milungu isanu ndi umodzi, kenako kumayamba kuchepa, ndipo pofika miyezi itatu kapena inayi ambiri amakhala atasiya. Mulekeni atsirize bere limodzi musanamupatse linalo, mumugeyetse pa phewa, ndipo mumugoneke pachifuwa panu khungu kukhudza khungu.

Liwombo si matenda. Ndi mpata umene mafupa a mutu amasiya kuti mwana adutse pobadwa ndi kuti ubongo ukule, ndipo umatsekeka wokha, kawirikawiri mwana asanafike chaka ndi theka. Kugunda kumene mukukuona pamenepo n'kwachibadwa. Choopsa cha mankhwala opakawo n'chakuti amabisa chizindikiro chimene ife timadalira: liwombo likalowa m'kati, mwana watha madzi m'thupi, ndipo likatupa n'kulimba mwana ali chete, pamakhala matenda aakulu a m'mutu ofunika chipatala msangamsanga. Za mankhwala akumwa sindinganyengerere konse, chifukwa palibe amene amadziwa mlingo wake, ndipo chiwindi ndi impso za khanda sizinakhwime. Ndinaonapo ana akubwera mimba itatupa atamwetsedwa zoterezi, gogo wake akulira kuposa mayi. Ngati apongozi afuna kumumanga mkuzi m'chiuno, asiyeni, bola ukhale womasuka ndipo pakhosi pasakhale kanthu.

Kuthowa ndi kumanga mimba zidikire, popeza bala lanu likadali laliwisi m'kati ngakhale kunja likuoneka louma. Chiberekero chimabwerera chokha pa milungu pafupifupi isanu ndi umodzi, ndipo kuyamwitsa ndiko kumachithandiza. Musanyamule ndowa ya madzi kapena chilichonse cholemera kuposa mwanayo. Bala likafiira, likatuluka mafinya, mukamva kutentha thupi, magazi akachuluka mwadzidzidzi kapena kununkha, mutu ukapweteka kwambiri maso akuchita chidima, kapena mwendo umodzi ukatupa, musadikire tsiku la pa buku. Chimodzimodzinso mwana akakana bere, akatentha kapena kuzizira thupi, akamapuma mothamanga nthiti zikulowa, akachita chikasu mpaka m'manja ndi kumapazi, kapena akakomoka. Usiku mukasowa wofunsa, imbani Chipatala cha pa Foni pa 929.

Chimene chandikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi chiganizo chimene mwachiika kumapeto ngati chosafunika, chakuti mukungolira. Amayi ambiri amalira m'masiku oyambirira, koma zimenezi zimayenera kutha pofika milungu iwiri. Inu mwadutsa pamenepo, choncho ndikufunseni: mwana akagona, inu tulo tikubwera? Chakudya chikukoma? Pali nthawi imene mumaganiza kuti mwanayu akanakhala bwino popanda inu, kapena yodzipweteka? Kukhumudwa kobwera munthu atachira ndi matenda enieni ndipo amachizika. Si ulesi, si kusayamika Mulungu. Pitani sabata yomwe ino mukauze namwino mawu omwe mwalemba panowa, ndipo apongozi muwatenge kuti akanyamule mdzukulu wawo, akamve okha za madzi ndi liwombo kuchokera kwa wovala yunifolomu.

Gogo Nachisale

Mwana wanga, zachipatala anena anamwino ndipo sindiwonjezerapo. Ine ndili ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndipo ndakhalapo mbali zonse ziwiri, ya mtengwa ndi ya mpongozi, choncho ndilankhulako za mayi amene ali m'nyumba mwanuyo. Iwo sakulimbana nanu, akuopa. Ife a msinkhu umenewu tinaika makanda m'manda, ena m'chikuta momwe, ndipo tinkauzidwa kuti ndi tsempho kapena liwombo, motero munthu akamapaka mankhwala amakhala akutchinga maliro amene anawaonapo ndi maso ake. Mukawayankha kuti zimenezo n'zachikale, iwo amva kuti mukuti ana amene anawalera, kuphatikizapo mwamuna wanuyo, anakula mwangozi.

Kwathu mtengwa satsutsana ndi apongozi maso ndi maso, ndipo si inu woyenera kusenza mlandu umenewu. Mwana wawo ndiye alankhule, ndipo asanene kuti mkazi wanga wakana, koma anene kuti achipatala anatiletsa ndipo ine ndiye ndinalonjeza. Mayi amakwiyira mwana wake madzulo n'kudzuka ataiwala, koma mawu a mtengwa amawasunga mpaka ku maliro. Mukatero, musawasiye manja lende. Auzeni kuti mwamva zoti mkaka ukuchepa, ndipo apempheni akufululireni thobwa ndi kukuphikirani masamba otendera, kuti madzi amene amafuna kupatsa mwana adzere mwa inu. Madzulo mwana akayamba kulira atayamwa, apatseni amubereke ayende naye pakhonde, inu mukagone ngakhale ola limodzi. Munthu wamkulu akapatsidwa ntchito yooneka, za mizu amaziiwala yekha.

Bambo wa Mapasa

Ndapempha kulowerera ngakhale bwaloli lili la amayi, chifukwa mbali ya bambo ogona pabalaza yandikumbutsa za ine mwini. Athu anabadwa masiku asanakwane, wina makilogalamu 1.8, wina 1.6, ndipo tinauzidwa kuti tiziwasunga pachifuwa usana ndi usiku mwa njira ija ya kangaroo. Mkazi wanga sakanatha kufungatira ana awiri maola onse, choncho anamwino anandivula malaya n'kundimangirira mmodzi ndi chitenje. Azakhali anga atamva anakalipa kuti mwamuna ndi wotentha, adula mwana. Amene anathetsa nkhaniyo anali amalume, amene anafunsa kuti kodi mwambo umati wotentha ndani, si amene wakhala malo amodzi ndi mkazi? Anati ngati mphwangayu akudzisunga monga mwambo womwewo ukulamulira, ndiye kuti ndi wozizira ngati ntchembere ina iliyonse, ndipo womuletsa kunyamula mwana akumuneneza chigololo. Palibe amene anayankha. Amuna anu angathe kufunsa mayi awo funso lomweli mwaulemu, chifukwa silikutsutsa mwambo koma likuimirira pa mwambo womwewo.

Pa za ntchito, lamulo la Employment Act limapatsa mayi tchuthi cha milungu yosachepera isanu ndi itatu akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti lamuloli litakonzedwanso mu 2021, bambo naye anapatsidwa tchuthi cha milungu yosachepera iwiri, ndipo mayi wobwerera kuntchito anapatsidwa ufulu woyamwitsa kawiri pa tsiku, theka la ola ulendo uliwonse, kufikira mwana atakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi. Ngati amuna anu ali pa ntchito yolembedwa ndipo sanatenge masiku awo, akafunse. Inunso funsani ngati mungaphatikize masiku a tchuthi chanu cha pachaka. Mkazi wanga anayamba kuphunzira kufinya mkaka kutatsala milungu iwiri kuti abwerere, tinkausunga m'kapu yotsukidwa bwino ya chivundikiro, ndipo womulera ankamwetsa ana ndi kakapu, osati botolo. Nyengo yotentha ngati ino, mkaka umene suli mufiriji tinkaonetsetsa kuti usapitirire maola anayi. Ndikuuzeni mosabisa kuti vuto lenileni la madziwo lidzafika tsiku limene mudzatuluke pakhomo m'mawa n'kusiya mwana ndi agogo ake, choncho nkhaniyi ithe panopa mukadali pakhomo.

Wachisamba wa ku Lilongwe

Zikomo kwambiri nonse. Ndinawaonetsa bambo a mwana zimene munalemba, ndipo analankhula ndi mayi awo Loweruka ine ndili kuchipinda. Sindinamve zonse, koma kunali chete nthawi yaitali, ndipo usiku umenewo apongozi sanadye. Lolemba tinapita atatu ku sikelo. Mwana wafika makilogalamu 3.7, ndipo anamwino atawaonetsa apongozi mzere wa m'buku, iwo anangoti kani mkakawo ulipo. Za madzi asiya, thobwa akufulula, ndipo bambo ake anamunyamula mwana koyamba dzulo, manja akunjenjemera. Mankhwala a liwombo sanawataye; ndawaona ali m'kathumba pansi pa pilo wawo, ndipo sindinanene kanthu.

Kwa inu anamwino, mafunso anu aja yankho lake ndi lakuti tulo sitibwera ngakhale mwana atagona, ndipo nsima ndikungoidya pokakamizidwa, koma zodzipweteka sindinaganizepo. Ndinawauza achipatala monga munanenera, anandifunsa mafunso ambiri ndipo andipatsa tsiku lokaonana ndi wa uphungu Lachinayi. Chimene ndikufuna kudziwa tsopano n'chakuti, ngati atandilembera mankhwala, kodi ndidzapitiriza kuyamwitsa?

Namwino Wopuma

Mwachita bwino kunena zoona, amayi. Ambiri amathandizika ndi uphungu, tulo ndi anthu owapeputsa ntchito, osafika pa mankhwala. Ngati adokotala ataona kuti akufunika, alipo amene mayi amamwa akuyamwitsa, choncho muwauze poyambirira penipeni kuti mwana ali pa bere lokha, ndipo musasiye kuyamwitsa kapena kusiya mankhwalawo panokha musanawafunse. Pa ulendo wa milungu isanu ndi umodzi, pamene mwana adzalandire katemera, mukafunsenso za kulera, chifukwa chiberekero chochitidwa opaleshoni chimafuna zaka ziwiri chisanasenze mimba ina. Lachinayilo bambo ake apite nanu, ndipo kathumba kaja muzikayang'ana.