Phukusi la swichi ya kickdown ya TH400: ndigule kapena ndisiye?

C20_ya_1972:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi pikapu ya Chevrolet C20 ya 1972. Poyamba inali ya giya yamanja, mwini wakale ndiye anaikamo giyabokosi ya otomatiki ya TH400, koma swichi ya kickdown, yotsitsa giya ukaponda moto mpaka pansi, sanaike. Pulagi yake pagiyabokosi ili chabe, yopanda waya. Pamsewu wosalala ilibe vuto, koma ndikati ndipitirire lole pachitunda ndimaponda moto mpaka pansi, iyo osatsika kuchoka mu giya yachitatu. Ndaona phukusi la swichi, buraketi, mawaya ndi fuzi, mtengo wake ngati kudzaza thanki kamodzi. Ndigule?

Wapsa_Kale:
Musayerekeze achimwene. Ine ndinagula lotero, ndipo si thanki imodzi ayi, ndinalipira ngati awiri. Buraketi yake yopyapyala, ndinaipinda ndi zala. Mabowo osagwirizana ndi kabureta yanga ngakhale pang'ono, waya n'kuperewera kufika pagiyabokosi. Wogulitsa uja anandiyankha kamodzi kokha, akuti ndamanga molakwika ndine. Kuchokera pamenepo zii. Mpaka lero ndikaliona pashelefu mtima umandiwawa.

Mwini454:
Kickdown ndi ya anthu a injini zazing'ono. Yanga ndi 454, malita 7.4, imakwera chitunda chilichonse mu giya yachitatu ngolo ili kumbuyo. Swichi ilipo koma sindikumbuka tsiku limene ndinaifuna.

Wapsa_Kale:
Nanga afunsa za injini yanu?

Dala_wa_Mapikapu:
Inu anyamata, kickdown si ya magetsi. Ndi chingwe chachitsulo chochokera kukabureta. Ndipo ukayenda osachichuna giyabokosi imapsa, ndinaona ndi maso angawa.

Sipanala13:
Madala, mwaphatikiza magiyabokosi atatu. Ya chingwe ndi TH350, yomwe inayamba mu 1969. Imene imapsa chingwe chikapanda kuchunidwa ndi 700R4 ya kuyambira 1982, chifukwa chingwe chake cha TV (throttle valve), chochokera kukabureta, n'chimene chimalamula mphamvu ya oilo pamakilachi. TH400 ndi ina. Kuyambira pomwe inatuluka mu 1964, kickdown yake ndi ya solenoid, kavalavu koyendera magetsi, yomwe ili mkati, pamwamba pa pani ya oilo. Mphamvu ya oilo imayendera vacuum modulator, kachipangizo kolamulidwa ndi mpweya umene injini imakoka, ndiye kusowa swichi sikuiwononga. Imangokhala yaulesi popitirira.

Mawaya ake ndi ntchito yochepa. Tengani 12V pamalo amene amayaka kiyi ikatembenuzidwa, mudutsitse pafuzi, mupite kuswichi, kuchoka paswichi mupite papulagi ija ya mbali ya kumanzere kwa giyabokosi. Waya wa ground safunika, solenoid imatengera pathupi la giyabokosi. Chonde musabe moto pa coil ngati galimoto ikadali ya mapointi, njira yakale ija yoyatsira mapulagi a injini. Waya wa pamenepo uli ndi resistor, moto umafika wochepa, solenoid imagwira lero mawa osagwira, inu n'kumatukwana swichi yosalakwa.

Pamene ambiri amagwa m'pochuna. Swichi izilumikiza pedulo ikatsala pang'ono kugunda pansi. Ikamalumikiza msanga, kapena ikakakamira, galimoto imachedwa kusintha magiya, imakuwa kaye kenako n'kusintha mogunda. Ndalandirapo pikapu mwini wake atakonzeka kale kutsitsa giyabokosi yonse, vuto lili kaswichi kokakamira basi.

Dala_wa_Mapikapu:
Chabwino, mwina inali 700R4. Koma inapsa.

C20_ya_1972:
Zikomo a Sipanala. Koma pulagi yanga ili ndi timano tiwiri, osati kamodzi. Waya upita pati? Komanso za kugula zija simunayankhe.

Sipanala13:
Pa zaka zimenezo kachiwiriko kamakhala ka TCS, zochepetsera utsi, kasiyeni. Injini ili chizimire, gunditsani waya wa moto pa kamodzikamodzi, khutu lili pafupi ndi pani. Kamene kamveke kuti "tiki" ndi komweko.

Zotchipa_Basi:
Phukusi la chiyani? Kamicro switch wamba kamagwira ntchito yomweyo, mtengo wake sufika ngakhale malita awiri a petulo. Buraketi ndinadula ndekha pachidutswa cha chitsulo, n'kuboola mabowo awiri aatali kuti ndizitha kusuntha. Chaka chachinayi tsopano. Mnzanga wina anaika swichi ya magetsi a mabuleki, sanalipire kalikonse.

Sipanala13:
Ya mabuleki samalani nayo. Zambiri zimalumikiza kamutu kake kakamasuka, osati kakadinidwa. Mukaimanga ngati swichi wamba, solenoid izikhala yoyaka ulendo wonse n'kuzima pamene mukuifuna.

Zotchipa_Basi:
Iye anaitembenuza ndipo ikugwira.

Mayi_wa_K20:
Ine ndinagula ndipo sindidandaula. Langa silinali la pakabureta, linali la pamwamba pa pedulo mkati mwa kabu, mmene fakitale inkamangira. Kumeneko kulibe kutentha kwa injini, fumbi ndi madzi sizifika, ndipo ngakhale mudzasinthe kabureta swichi siikhudzidwa. Ndimanyamula katundu wolemera, ndipo pamsewu wopapatiza masekondi amene umakhala mbali ya anzako ndi amene amandiopsa. Kutsika kuchoka pa 1.00 kupita pa 1.48 ya giya yachiwiri kumamveka kumsana, lole umaidutsa n'kubwerera kwako msanga. Mtengo unali wochepera theka la thanki. A Wapsa_Kale anakudyerani ndithu.

Wapsa_Kale:
Theka? Ndiye kuti mbava ija inandidula kanayi. Mayi, mwandionjezera ukali.

Mwini454:
Kapena ingokokani ndodo ya giya muike pa 2 ndi dzanja. Ulere. Ine ndi 454 sindichita n'komwe zimenezo.

Mayi_wa_K20:
Ndodo ya pachiwongolero ya zaka 50, yolobodoka, mukuikoka mothamanga maso ali palole? Tsiku lina mudzadumphitsa n'kugwera pa 1. Ine ayi, bambo.

Zotchipa_Basi:
Ndiye ikani batani padashibodi, muzidina ndi chala.

Dala_wa_Mapikapu:
Musanagule chilichonse onani kapaipi ka vacuum kopita ku modulator. Kakang'ambika magiya amasokonekeranso. Ndipo mukakazula n'kupeza oilo wofiira mkati, modulator yaboola.

Sipanala13:
Apo madala mwanena zoona, ngakhale kuti si vuto la mnzathuyu.

C20_ya_1972:
Ndalowa pansi madzulo ano ndi waya wochokera kubatire. Ndagunditsa timano tonse tiwiri, kangapo konse. Palibe "tiki" aliyense. Batire ndi yodzaza, ndayesa ndi babu yayaka bwinobwino.

Sipanala13:
Ndiye phukusi liyambe ladikira. Tsitsani pani, mabawuti ndi 13. Mwina kawaya ka mkati kavuka papulagi, mwina solenoid yafa. Konzeranitu gasiketi, fyuluta ndi oilo wa Dexron, poti mwatsegula kale.

Wapsa_Kale:
Mukapeza kuti solenoid ili bwino, langa lija ndikugulitsani theka la mtengo. Buraketi mukhoma nokha.

Zotchipa_Basi:
Theka la mtengo wanuwo ndi thanki yathunthu, aise.