Internship ya udokotala wa psychology ku America: muyambire pa mapepala a visa

Nabanda, South Bend: Moni abale nonse. Pepani ndadula nkhani ya nyumba za lendi ija. Ndili m'chaka chachinayi cha PhD ya clinical psychology, ndipo chaka chino ndiyenera kufunsira internship, chaka chomaliza chija chomwe munthu amakagwira ntchito m'chipatala tsiku lonse asanalandire digiri. M'kalasi mwathu wa visa ya F-1, ya ophunzira ochokera kunja, ndine ndekha, ena onse ndi eni dziko, ndiye malangizo awo ena sakugwirizana ndi mapepala anga. Ndatsegula mndandanda wa APPIC, bungwe loyendetsa zogawa ma internship amenewa, malo ndi mazanamazana, mutu wangoima. Alipo muno amene anadutsamo?

Mai a Chisomo, Seattle: Alipo mwana wanga. A Mbewe, tabwerani kuno, mng'ono wanu akufuna thandizo.

A Mbewe, Dallas: Ndafika amayi. A Nabanda, mwachita bwino kufunsa Julayi asanathe, chifukwa malo ambiri amatseka kulandira makalata kumayambiriro kwa Novembala, ndipo miyezi imeneyi imathamanga. Musanayambe kusirira chipatala chilichonse, tengani cholembera mufufute malo onse amene sangakulandireni. Zipatala za VA, zija za asilikali opuma, zimatenga nzika za America zokha. Ngakhale green card siyokwanira. Ndende za boma lalikulu, za Federal Bureau of Prisons, chimodzimodzi, ndipo malo a usilikali nawonso muwasiye. Zimawawa chifukwa VA ndiyo imaphunzitsa anthu ambiri pa ntchito yathuyi, ndipo anzanu m'kalasimo azingoitchula tsiku ndi tsiku. Pa tsamba la malo aliwonse mu mndandandamo pali mzere wonena ngati akufuna nzika. Muziyamba kuwerenga mzere umenewo, zina zonse pambuyo. Malo a ku Canada nawonso ali mu APPIC momwemo, koma amayamba aganizira nzika zawo ndi okhazikika kumeneko.

Zotsala zikhala zipatala za mayunivesite, malo a uphungu a ophunzira, zipatala za ana, zipatala zina za matenda a maganizo za ma state, ndi malo othandiza anthu m'madera. Pamenepo musankhe ovomerezedwa ndi APA, bungwe la akatswiri a psychology la ku America. Pali ma state ndi olemba ntchito amene pa nthawi ya laisensi amafunsa zimenezi, ndipo simungabwerere kukakonza chaka chomwe chinatha kale.

Naphiri, Boston: Ndilowepo apa ndisanapite ku ntchito, chifukwa ine ndi amene zinandigwera. A Nabanda, internship mudzaigwira pa CPT, chilolezo chogwira ntchito yokhudza maphunziro anu chomwe DSO, mkulu woona za ophunzira akunja kusukulu kwanu, amalemba pa I-20, pepala la sukulu lija loyendera limodzi ndi visa yanu. Lamulo lake likuti mukagwira CPT ya tsiku lonse, kutanthauza kupitirira maola 20 pa sabata, kwa miyezi 12 kapena kuposerapo, OPT ya digiri imeneyo, chilolezo chogwira ntchito mukamaliza maphunziro, yapita. Internship nayo ndi ya miyezi 12 ndendende. Mwaiona mbuna yake?

Kalata yanga inati ndiyamba pa 1 Julayi, nditsiriza pa 30 Juni. Ndinapita nayo ku ofesi ndikumwetulira, analemba masiku omwewo pa I-20, ine n'kusainira osawerengetsa. Patatha miyezi khumi, nditapeza kale malo a postdoc, ntchito ya pambuyo pa PhD, ndinabwerera kukafunsira OPT. Mayi wa mu ofesimo anatembenuzira kompyuta yake kwa ine, n'kuloza masiku awiri aja ndi nsonga ya pensulo, osanena kanthu. Ndinatuluka n'kukakhala pa masitepe panja, chikwama pamiyendo, mpaka dzuwa kulowa. Chinandipulumutsa n'chakuti chipatala chomwe chimandifuna chinali cha yunivesite ndipo chinavomera kundifunsira H-1B, visa ya ntchito, koma miyezi ya pakatipo ndinkadya za mchemwali wanga. Inu mukangodziwa komwe mukupita, khalani pansi ndi DSO komanso mkulu wa maphunziro wa kumaloko, mugwirizane kuti masiku a CPT asakwane chaka chathunthu. Ena amalola kuti mutsirize msanga pang'ono bola maola akwane. Zilembedwe pa pepala, osati zongolankhula pakamwa.

Nabanda, South Bend: Mayo ine, achemwali, zimenezi palibe anandiuzapo. Nanga ndiwauze pa nthawi yofunsira kuti ndine wa F-1, kapena ndidikire?

A Mbewe, Dallas: Fomu yofunsira internship, ya AAPI, imafunsa yokha za unzika ndi visa, ndiye palibe chobisa. Chomwe ine ndinachita, ndinalembera malo omwe ndinkawakayikira kalata yaifupi mu Seputembala, kufunsa ngati anayamba alandirapo wophunzira wa CPT. Ena anayankha tsiku lomwelo kuti inde, ena anati ofesi yawo yolemba anthu ntchito salola. Amenewo ndinawachotsa, ndalama yanga n'kutsala m'thumba, pakuti kalata iliyonse yofunsira ili ndi mtengo wake. Muwafotokozere kuti CPT imachokera kusukulu kwanu, iwo salipira kanthu ku boma. Ambiri amaopa chifukwa amaganiza kuti mukuwapempha kuti akulipirireni visa ya ntchito.

Amalume Zgambo, Indianapolis: Ine ndimayendetsa thiraki, koma ndikuwerenga zonse. A Nabanda, tsiku losamuka katundu wanu ndi wanga, kulikonse komwe angakuponyeni.

Nabanda, South Bend: Zikomo amalume, Mulungu akudalitseni. Funso lina ndi la maola oona odwala omwe timalemba pa fomu ya AAPI. Ndisanabwere kuno ndinagwira uphungu zaka zitatu pa chipatala china chaching'ono ku Dedza. Amenewo ndingawawerengere?

A Mbewe, Dallas: Pa bokosi la maola a practicum, oona odwala muli pa sukulu, ayi. Mmenemo mumalowa maola okhawo amene sukulu yanu inavomereza ndipo panali wokuyang'anirani, ndipo DCT wanu, mkulu wa maphunziro a uchipatala, ayenera kutsimikiza chiwerengerocho fomu isanatumizidwe. Za ku Dedza zilowe mu CV ndi m'kalata yoperekeza, ndipo zilowe mwamphamvu. Maolawo amagawidwa pawiri, a kuthandiza odwala maso ndi maso ndi a kuyeza. Nthawi yomwe munakhala pa desiki kulemba lipoti ili ndi malo akeake, musaisakanize ndi yokumana ndi wodwala. Ngati simunalembe mu Time2Track, pulogalamu ya pa intaneti yosungira maola, kuyambira chaka choyamba, yambani usiku uno kufukula makalendala akale. Ine ndinali ndi kope la chikuto chofiira lomwe ndinkalembamo pamanja, tsiku, zaka za wodwala, mtundu wa thandizo, popanda dzina, ndipo ndi limene linandiwombola pamene manambala anga anasemphana ndi a kusukulu.

Muwerengenso bwino ma integrated report anu. Kuti lipoti liwerengedwe liyenera kukhala ndi mbiri ya munthuyo, zomwe munakambirana naye, ndi zoyezera zosachepera ziwiri, monga WAIS ija ya timabokosi tofiira ndi toyera pamodzi ndi MMPI. Zipatala zina zimalemberatu chiwerengero chochepetsetsa chomwe zikufuna. Ngati muli nawo ochepa, pemphani wokuyang'anirani akupatseni anthu oti muwayeze mu Ogasiti ndi Seputembala. Komanso masukulu ambiri salola kufunsira ngati proposal ya dissertation sinadutse, ndiye kakamirani komiti yanu ikhale pansi msanga.

Nachisale, Leeds: Ndikuona kuti kwanuko zinthu n'zosiyana kwambiri ndi kuno. Ku Britain kulibe chaka chapadera chotere. DClinPsy, digiri ya udokotala wa clinical psychology ya kuno, ndi ya zaka 3, ndipo kuyambira tsiku loyamba wophunzira amakhala wolembedwa ntchito ndi NHS, bungwe la zaumoyo la boma, pa mlingo wa malipiro wa Band 6, akuphunzira uku akuona odwala. Makalata ambiri amadzera ku Clearing House yomwe ili kuno ku Leeds konkuno, ndipo nayo imatseka mu Novembala. Koma vuto lathu ndi lomwelo la mapepala. Malo olipiridwa ndi NHS amafuna munthu woti ali ndi ufulu wogwira ntchito kuno ndipo amawerengedwa ngati wophunzira wa m'dziko muno, komanso digiri yoyamba ivomerezedwe ndi British Psychological Society. Ndikulemba izi chifukwa muno muli ana athu ambiri ogwira ntchito yosamalira okalamba amene anaphunzira psychology ku Zomba, ndipo amandifunsa m'mbali.

A Jere, Johannesburg: Kuno ku Joni ndi masters, kenako chaka cha internship, kenako chaka china cha community service m'chipatala cha boma, ndi mayeso a bodi ya HPCSA, bungwe lolembetsa azaumoyo kuno. Amene akufuna zambiri andipeze padera, tisasokoneze nkhani ya a Nabanda.

Nabanda, South Bend: Chomwe chikundisowetsa tulo kwambiri ndi ma essay aja a mawu 500 omwe fomu ya AAPI imafuna. Ija yofotokoza za moyo wako ndailemba kanayi. Mnzanga wina anaiwerenga n'kunena kuti ndiwonjezere za umphawi wa kwathu kuti iwakhudze mtima. Sizinandisangalatse.

Naphiri, Boston: Mtima wanu wakuuzani zoona, musatero. Amene akuwerengawo akusankha munthu woti adzamusiyire odwala awo Lolemba m'mawa. Akufuna aone mmene mumaganizira mukakhala ndi munthu m'chipinda. Inu muli ndi chuma chomwe anzanuwo alibe. Takumbukirani ku Dedza kuja, mayi akalowa ndi mwana kumsana, kodi ankati "ndili ndi depression"? Ankati mutu ukundiwawa, mtima ukuthamanga, usiku sindigona, ndikuganiza kwambiri. Inu munaphunzira kumva zomwe zili kuseri kwa mawu amenewo musanatsegule buku la DSM lofotokoza matenda a maganizo. Ku Zimbabwe a Dixon Chibanda anamanga Friendship Bench yonse pa mawu a Chishona akuti kufungisisa, omwe ndi kuganiza kwambiri komweku, ndipo agogo okhala pa mabenchi a ku Mbare akudziwika dziko lonse. Lembani za munthu mmodzi, mutasintha zonse zomwe zingamuzindikiritse. Munene zomwe ananena, zomwe inu munamva, zomwe munachita, ndi pomwe munaphonya. Kenako musonyeze mmene khutu lomwelo likukuthandizirani lero ndi mlimi wa ku Indiana amene nayenso sanena kuti ali ndi chisoni, amangoti msana. Ndipo pa funso la zilankhulo zomwe mungathandizire nazo odwala, lembanipo Chichewa mosachita manyazi.

Mai a Chisomo, Seattle: Amen achemwali. Ine pa wodi ndimaona tsiku ndi tsiku odwala ochokera kumaiko ena akungogwedeza mutu kwa dokotala koma asanamvane. Anthu ngati a Nabanda akufunika.

A Mbewe, Dallas: Makalata okuchitirani umboni amakhala atatu kawirikawiri, ndipo ali ndi fomu yake ya APPIC. Apempheni aphunzitsiwo panopa, musadikire Okutobala pomwe kalasi yonse idzawaunjikire. Chiwerengero cha malo, APPIC imalangiza pakati pa 11 ndi 15. Ine chaka choyamba ndinafunsira asanu ndi awiri okha, onse mumzinda umodzi, chifukwa mkazi wanga anali atangopeza ntchito ndipo sindinkafuna kumusuntha. Lachisanu lija la mu Febuluwale lotulutsa zotsatira ndinadzuka kusanache, foni m'manja, tiyi akuzizira patebulo. Uthenga unabwera woti sindinapeze malo. Ndinalowa Phase II, gawo lachiwiri lomwe malo otsala amatsegulidwanso, ndipo mu Malichi ndinapeza chipatala cha kumudzi, mtunda wa maola asanu pa galimoto. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira ntchito yeniyeni, koma masabata a pakati aja sindiwafunira munthu. Mwazani maukonde anu m'ma state angapo, ndipo musakanize malo olimbiranidwa ndi ena apakatikati.

Nabanda, South Bend: Nanga posanja mayina a malo pa mndandanda womwe kompyuta idzagwiritse ntchito potigawa? Ena akuti ndiike pamwamba malo omwe ndikuganiza kuti anandikonda, osati omwe ine ndikuwafuna.

A Mbewe, Dallas: Amenewo akukusocheretsani. Kusanjaku kumayendetsedwa ndi National Matching Services ya ku Toronto, ndipo njira yake ndi yochokera ku ntchito ya Alvin Roth, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2012 pamodzi ndi Lloyd Shapley. Kompyutayo imayamba yakuyesani pa malo anu oyamba. Mukakanika pamenepo imatsikira pa achiwiri, ndipo simutaya mwayi wanu pa achiwiriwo chifukwa choti munalakalaka oyamba. Ndiye sanjani monga mtima wanu ukufunira. Malamulo saloleza malowo kukufunsani kuti mwawaika pa nambala yanji. Chachikulu n'chakuti zotsatira zake zimamanga. Dzina lililonse lomwe mwalemba, mwavomera kuti mukaponyedwako mupita. Malo amene mwaona kuti simungakhaleko, kaya chifukwa cha CPT kaya malipiro sangakwanire lendi ya mzindawo, musawalembe n'komwe.

Ma interview amachitika Disembala ndi Januwale, ndipo chiyambire 2020 ambiri ndi a pa Zoom. Sungitsani kachipinda ku laibulale ya sukulu komwe intaneti sidukaduka, nyali ikhale kutsogolo kwanu kuti nkhope izioneka. Akakupatsani mpata wocheza ndi ma intern amene alipo, afunseni ngati amaweruka pa nthawi yake komanso ngati owayang'anira amasunga maola a supervision.

Naphiri, Boston: China chomaliza kwa ine. Khirisimasi ino musapite kumudzi musanakambirane ndi DSO, ndipo muyang'ane ngati visa ya mu pasipoti idakali ndi moyo. Malamulo okhudza Amalawi akusinthasintha. Mu Ogasiti 2025 ofunsira visa ya alendo anayamba kuuzidwa za chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000, ndiye ngakhale zoitana amayi ku graduation muyambe kuziganizira panopa.

Nabanda, South Bend: Ndalemba zonse m'kope. Mawa 9 koloko ndikakhala pa khomo la DSO ndi I-20 yanga. Usiku uno ndafufuta kale malo asanu ndi limodzi a VA omwe ndinawaika pamwamba. Achemwali a Naphiri, ndingakutumizireni essay ija ndikailembanso?

Naphiri, Boston: Tumizani pofika Lachisanu, ndidzaiwerenga Loweruka ndikaweruka. Muyambire pa mayi wa ku Dedza uja.

A Mbewe, Dallas: Ine munditumizire mndandanda wa malo otsalawo, tidzaunike limodzi Lamlungu tikachoka ku tchalitchi.